Mtovu wa Zilembo

Lachiwiri, 7 Malichi 1893

Chimbalangondo tapha. Koma Gudfast, mnzanga wa paubwana, tabwera naye pa chileyi atagona chagada, dzanja lamanja litatafunidwa kuyambira m'chigongono mpaka chakuphewa.

Zinayenda chonchi. Mphanga anaipeza ndi Sivert, mkamwini wanga, chipale chofewa choyamba chitangogwa: anatsata mapazi, nazungulira malowo mpaka kutsimikiza kuti chilombo chagona m'katimo tulo take ta nyengo yonse yozizira. Wozungulira ndiye mwini mfuti yoyamba, palibe amatsutsa zimenezo. Ndiye lero iye anaima kutsogolo, ine kumbuyo kwake chakumanzere, Gudfast pakhomo pa mphanga ndi mtengo wautali wotokosera. Anatokosa kawiri, zii. Kachitatu chipale chinangophulika, chinthu chija chili panja, chakuda bii. Chinathamanga pang'ono, agalu n'kuchitsekereza, n'kutembenuka, n'kuima. Mutu uli poyera, masitepe makumi awiri okha kuchokera pa Sivert.

Anawomba. Palibe. Anasolola chigoba, nalonga china, nawombanso. Chilombo chinangogwedeza thupi n'kulunjika kwa Gudfast. Pamene utsi umachoka kuti ine ndione poloza, n'kuti chitamugwetsa kale. Chipolopolo changa chinalowa kuseri kwa khutu, chinagwera pompo, pamwamba pake.

Titafika pamudzi anthu anandiunjirira. "Hemming, dzanja lako silikalamba!" Za Sivert palibe anatchula, ndipo kusatchulako kunamveka. Chileyi anakoka yekha njira yonse, kukana kulandiridwa. Märet, mwana wanga, anamufunsa pakhomo kuti chachitika n'chiyani. Anangoti, "Ndaphonya. Kawiri." Basi, analowa m'khola la ng'ombe.

Ndisaname, ndakwiya naye. Munthu wolasa nkhwali pamutu aphonye chilombo chotalika ngati chitseko? Asa!

Lachitatu, 8 Malichi

Kuzizira koopsa. Adokotala afika masana kuchokera kutauni, akavalo atachita thovu.

Tasenda chilombo m'nkhokwe mwanga, ine ndi anthu awiri oyandikana nawo. Chikopa chitachoka iwo anapita kukamwa khofi kwa Märet, ine ndinatsala kuti ndigawe nyama. Chipolopolo changa ndinachipeza m'mutu, chitaphwatalala ngati bowa, monga chimayenera. Koma paphewa lakumanzere panali bala lina. Losazungulira, lalitali ngati chala. Ndinalitsata ndi mpeni mpaka pafupa. Pamenepo panalibe chipolopolo, panali tizibenthu tonyezimira totetekatetaka.

Mtovu suphwanyika. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndikusungunula mtovu, umapindika, umaphwatalala, koma kuphwanyika ayi.

Ndiye kuti chachiwiri sanaphonye. Analasa paphewa penipeni. Chipolopolo chabwino pamenepo chikanathyola fupa, chilombo chikanagwa chisanafike pa Gudfast.

Ndinatola tizibenthu tija n'kuika m'thumba la jasi. Nyama ya paphewa ndinaidula n'kuponyera agalu. Anzanga atabwera ndinati inali yoviika magazi. Sanafunse zambiri.

Lachinayi, 9 Malichi

Dzanja la Gudfast adula, pamwamba pa chigongono. Akuti sanakuwe, anangoluma lamba.

Lachisanu, 10 Malichi

Ndilembe pano, poti pepala silipita kukauza munthu.

Zipolopolo za chigwa chino ndimaumba ndine. Muyeso wanga ndi wa malemu bambo anga: mtovu magawo makumi awiri, tini gawo limodzi. 20 ndi 1, basi. Ukachikanda ndi chikhadabo cha chala chachikulu, pasiyike kamzere. Ukachigwetsa pamwala, chingoti thi, chisalire. Chifukwa chake n'chakuti wonga ukaphulika umamenya chipolopolo kumatako, icho n'kufufuma, n'kudzaza timizere topotoka ta mumpope wa mfuti. Chikadzaza chimatuluka chikuzungulira, mutu patsogolo. Zimenezi ndimauza aliyense wobwera ku chipala changa, mpaka ena amatopa nazo. Ine ndemwe!

Mu Disembala ndinapita kutauni ndi zikopa. Munthu wina wogwira ntchito kosindikiza nyuzi anandipatsa thumba la zilembo zakutha, tija amasanja posindikiza, posinthana ndi chikopa cha nkhandwe. Anati, "Uwu ndiye mtovu, madala, osati phala lanu la kumudzi lija. Wolimba gwa." Ndinaganiza za chibade cha chilombo cha Sivert chili kugona kumtunda. Ndinati cholimba ndicho chiboole fupa. Ndinasungunula zilembo zokhazokha, osasakaniza kanthu.

Ndipo zinatuluka m'chikombole zokongola bwanji, abale inu! Zowala ngati siliva, zopanda khwinya ndi limodzi lomwe. Chikhadabo chinangoterereka. Pamwala chinalira ngwee. Ndinamva ndi makutu angawa, ndipo ndinakondwa. Chitsiru cha munthu.

Khumi ndinalonga m'zigoba n'kupatsa Sivert, poti mfuti yoyamba inali yake, ndipo ndinafuna kumulemekeza. Ine ndinatenga zakale zotsala chaka chatha. Iye anazitembenuza m'manja nati, "Bambo, ndiyeseko ziwiri pathabwa?" Ndinamukalipira. "Za Hemming siziyesedwa. Ukafuna kuyesa kayese za kwanu." Anaseka, napepesa, naziika m'kachikwama.

Mwina sichoncho. Mwina chachiwiri chokha ndicho chinali choipa, choyamba anaphonyadi ndi mantha. Mawa ndikaone.

Loweruka, 11 Malichi

Ndinauza Märet kuti ndikukaona misampha. Ndinakwera mpaka kumphanga. Magazi akadalipo, aundana pachipale. Ndinaima pomwe anaima Sivert, mapazi ake akuonekabe, osayendayenda, awiri okha, ozama. Munthu wonjenjemera saima choncho.

Choyamba chija ndachipeza mumkungudza wa kuseri kwa pamene chilombo chinaima, chakumanja pang'ono. Chinalowa cham'mbali, chibowo chake ngati cha kiyi. Nditachikowola ndi mpeni, thupi lake losalala, lopanda ndi mzere umodzi wa mumpope. Sichinafufume. Chinangodutsa mumpope chikugwedera, moto ukuchipitirira m'mbali, n'kutuluka chikugubuduka.

Ndinali nditatenga zina zitatu za zilembo zija, zotsala ku chipala. Ndinazika thabwa, n'kutsamiza mfuti yanga pachitsa, masitepe makumi awiri omwewo. Choyamba m'mphepete, cham'mbali. Chachiwiri pansi. Chachitatu sindinachipeze n'komwe. Ndinakhala pachitsapo nthawi yaitali, mpaka matako kuzizidwa.

Nditafika kunyumba mfuti ya Sivert inali pamsomali, yosatsuka chiyambire Lachiwiri, iye amene amaitsuka asanavule nsapato. Ndinati, "Bwera nayo, ichita dzimbiri." Mumpope munali mutamatirira timizere ta mtovu mbuu, chizindikiro choti ngakhale Kjell wa pachigayo, amene sadziwa kanthu, akanachiwerenga. Ndinapala zonse. Ndinatsuka ndi madzi otentha, kupaka mafuta, mpope uli waliwali.

Sivert anati, "Zikomo, bambo." Kundithokoza ine.

Lamulungu, 12 Malichi

Kutchalitchi. Abusa anapempherera Gudfast, nathokoza Mulungu chifukwa cha "diso la mkulu wathu Hemming". Ndinayang'ana nsapato zanga.

Potuluka amuna anaima pabwalo monga mwa masiku onse. Kjell anayamba. "Kodi a Sivert, kwanu kuja zimbalangondo mumazipha ndi phokoso?" Anthu gwegwede. Wina anati musamupatse buku la nyimbo, agwetsa, manja aja sakhazikika. Winanso anati akamwini ochokera kuchidikha amadziwa nsomba basi. Sivert anavula chipewa, navalanso.

Kenako Agnis, mkazi wa Gudfast. Sanakweze mawu, zikanakhala bwino akanakweza. Sivert anamuyandikira kuti afunse za odwala, iye anati, "Iwe usadzapondenso pakhomo panga. Mwamuna wanga anaima pakhomo pa mphanga chifukwa anakhulupirira iwe." Atatero anatembenukira kwa ine n'kundigwira dzanja ndi manja awiri. "Alamu, pakanapanda inu bwenzi lero ndili wamasiye."

Ndinangoti, "Musiyeni mwanayo, zimachitika." Ndi zokhazo zomwe zinatuluka pakamwa panga, ndipo anthu anati taonani mtima wabwino wa apongozi ake.

Märet anayenda patsogolo njira yonse, khosi lili njo. Akakwiya amayenda ngati malemu mayi ake.

Lolemba, 13 Malichi

Sivert ndi Märet akupita ku Amerika.

Märet wandiuza uku akukanda buledi, osandiyang'ana. Mkulu wake wa Sivert anatumiza matikiti chaka chatha, iwo anakana chifukwa cha ine, kuti ndingatsale ndekha. Tsopano pali gulu lonyamuka Pasaka ikangotha, ndipo mayina akuyenera kupita ndi wamtengatenga wa makalata Lolemba likudzali, pa 20.

Ndinati asapupulume, anthu amaiwala. Anati, "Ababa, chigwa chino chiiwale? Agogo ake a Kjell anaba nkhosa ine ndisanabadwe, mpaka lero timati a kwa Nkhosa. Mufuna mwana wanga adzakule akutchedwa wa kwa Njenjenje?"

Ndinati mwana uti.

Anaima kukanda. "Mu Ogasiti," anatero. "Timafuna tikuuzeni pa Pasaka."

Ndili ndi mwana mmodzi yekhayu. Ena atatu ali kuseri kwa tchalitchi pamodzi ndi mayi awo. Opita ku Amerika sabwerera, amangotumiza zithunzi atavala makolala. Ndinatuluka kukawaza nkhuni zomwe zinali zowazawaza kale.

Ndikanena, atsala. Ndikudziwa. Koma ndikanena ndiye kuti dzanja la Gudfast ndadula ndine, ndipo amene anandigwira ndi manja awiri dzulo adzandilavulira. Ndipo adzafunsa za nyama ya paphewa ija, ndi mpope uja. Ndikuopa, ndilembe poyera. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu chimodzi, chimbalangondo sindinachiope, koma pakamwa pa anthu ndikuopa.

Lachiwiri, 14 Malichi

Ndinayesa njira yachidule. Sivert amakonza goli m'khola, ine ndinati, "Ukudziwa, mwina wonga uja unanyowa. Zimachitika nthawi ya chipale."

Anandiyang'ana ndi maso ofiira. "Bambo, wonga wonyowa sulira choncho. Mfuti inandimenya paphewa monga mwa masiku onse. Wonga ndi womwewo munalonga m'zanu. Musandipezere pothawira."

Ndinati nanga ukuti chinachitika n'chiyani.

"Sindikudziwa. Ndinaona mutu, ndinaona kansonga ka mfuti kali pakati pa maso. Ndikatsinzina ndimakaonabe kali pomwepo, osagwedera. Ndiye kuti mantha anga ndi oipa kuposa a anthu ena, chifukwa ine sindinawamve n'komwe. Munthu wotero asaimenso kutsogolo kwa anzake."

Pamenepo ndi pomwe ndikanalankhula. M'malo mwake ndinamuuza kuti chikopa cha goli wachikoka kwambiri, chiduka.

Lachitatu, 15 Malichi

Kwa Gudfast. Wawonda, ndevu zachita nyankhalala, koma kutentha thupi kwatsika. Chitsa cha dzanja achikulunga nsalu zoyera, chili pamtsamiro ngati khanda.

Pakamwa pokha mpomwe sipanadulidwe. "Hemming, wabwera kudzaona ngati ndafa kuti utenge galu wanga? Ulira." Anandituma ndimuyatsire kaliwo. Ndinayatsa, ndinamuika pakamwa. Anati akuphunzira kudya phala ndi lamanzere, theka limapita m'khutu.

Agnis atatuluka kukatunga madzi anatsitsa mawu. "Mnyamata uja ali bwanji? Ndamva za Amerika. Umuuze ine ndilibe naye mawu. Mantha sachita kuitana. Ine ndinaona anthu akuluakulu akudzinyowetsa pamphanga." Anakoka fodya. "Chondidabwitsa n'chakuti ndinamuyang'ana asanawombe. Anali phee ngati mwala. Ndikanati mwina zipolopolo, koma zinali zako, ndipo zako sizinama."

Ndinati khofi wa alamu wakoma.

Munda wake sindikudziwa alima bwanji. Udzu wa ng'ombe amweta bwanji ndi dzanja limodzi? Ana ake onse ndi aakazi, anakwatiwa kutali. Sanadandaule. Chomwe anaumirira n'chakuti mowa wa chimbalangondo uchitike Loweruka pakhomo pake, monga mwa mwambo, chilombo chisapite osachimwera. Agnis anakana, iye anati dzanja ndi lake, chimbalangondo ndi chake, mowa ukhalanso wake.

Ndinatsazika n'kubwerera kunyumba.

Lachinayi, 16 Malichi

Bokosi lalikulu latsitsidwa kudenga. Märet akupinda zofunda. Akupinda, kufunyulula, kupindanso.

Chakudya cha masana chitatha Sivert anachotsa mfuti pamsomali n'kuiika patebulo patsogolo panga, ndi kachikwama pambali. "Bambo, iyi ikhale kuno. Mudzapatse munthu woyenera. Zipolopolo zanu zatsala zisanu ndi zitatu, pepani kuti ziwiri ndinaziwononga."

Kupepesa. Zipolopolo zanga anaziwononga.

Märet anati kumene akupitako mfuti idzafunika. Iye anati ayi. "Ndipo akabadwa wamwamuna sindidzamuphunzitsa. Zinthu izi zimayenda m'magazi." Märet anaika dzanja pamimba, natuluka panja wopanda mpango, kuzizira konseku. Ndinamumva akulira kuseri kwa nkhuni, kulira kobisa kuja, ngati ali wamng'ono atathyola kanthu.

Mwana asanabadwe n'komwe ndamuveka kale dzina la mantha. Iwe Hemming, iwe.

Lachisanu, 17 Malichi

Tsiku lonse ku chipala. Mphika ndaukwecha ndi mchenga katatu, chifukwa mtovu wa zilembo ukatsalira ngakhale pang'ono umalimbitsa wonse. Mtovu watsopano, 20 ndi 1, kuyeza kawiri. Zoyamba zisanu ndabweza mumphika, chikombole chinali chisanatenthe. Zotsatira zabwino, zotuwa, zosakongola. Chikhadabo chikusiya mzere. Pamwala, thi.

Ndapaka phula ndi mafuta a nkhosa, ndalonga zitatu. Ndapala thabwa, ndajambula mutu wa chimbalangondo ndi khala. Wafanana ndi nkhumba, kaya.

Loweruka, 18 Malichi

Ndilembe zonse mwadongosolo ndisanayambe kudzikometsera.

Sivert anakana kupita. Ndinati, "Sindikukuitanira mowa. Undinyamulire thabwa ili, msana ukundipweteka." Ananyamula. Märet anatitsatira, sindinamuitane.

Pakhomo pa Gudfast panali anthu oposa makumi atatu, nyama ikuwira panja, kachasu akuyenda. Chikopa anachikhoma pakhoma la nkhokwe. Gudfast anamukhazika pampando pakhomo, atamufunditsa zikopa za nkhosa. Agnis ataona Sivert anayamba kubwera, koma ndinati, "Alamu, ndabwera naye ndine. Ndipatseni kanthawi kochepa."

Kjell anali atakweza kale chikho kuti amwere dzanja langa. Ndinati adikire. Ndinakazika thabwa kumpanda, n'kuwerenga masitepe makumi awiri mokweza kuti onse amve. Ndinatenga mfuti ya Sivert, ndi kachikwama kake, n'kuonetsa anthu zowala zija. Ndinatsamiza mfuti pangolo. Kuwomba katatu.

Chimodzi pakona pa thabwa, cham'mbali. Chimodzi mumpanda. Chimodzi kaya. Anthu anaseka. "Madala ayamba kale kumwa kunyumba!" Gudfast yekha sanaseke, anali atachotsa kaliwo pakamwa.

Ndinapala mpope pamaso pawo, timizere ta mtovu tikugwera pachipale. Kenako ndinatulutsa zotuwa zitatu n'kupatsa Sivert. Anabweza manja kumbuyo. Ndinati, "Gwira." Anati, "Bambo, musandichititse manyazi kawiri." Ndinamukalipira monga ndimachitira, ndipo anagwira, poti anazolowera kundimvera.

Sanatsamize pangolo. Anaima chilili, anthu onse aja akumuyang'ana, Kjell akutsokomola dala. Katatu. Mabowo atatu ozungulira, pakati pa maso a nkhumba yanga ija, oti n'kuwaphimba ndi chikhatho.

Ndinatulutsa m'thumba tizibenthu ta paphewa, ndi chija cha mumkungudza, n'kuika pabondo pa Gudfast. Ndinanena zonse. Za zilembo, za chikhadabo choterereka, za "za Hemming siziyesedwa". Kuti choyamba chinagubuduka, chachiwiri chinalasa paphewa n'kuphwanyika. Kuti mnyamatayu sanaphonye ndi kamodzi komwe. Mawu anga ankamveka ngati a munthu wina.

Gudfast anatola chipolopolo chija ndi lamanzere, nachikanda ndi chikhadabo. Anakandanso. Anati, "Ha."

Amene anafunsa ndi Märet. Anali kumbuyo kwa anthu, koma mawu ake anafika. "Ababa, munadziwa liti?"

Ndikanatha kunena kuti dzulo. Ndinati, "Lachitatu la sabata yatha, posenda."

"Ndiye Lamulungu lija pabwalo la tchalitchi munkadziwa."

"Ndinkadziwa."

"Pomwe ndimakuuzani za mwana munkadziwa."

Ndinavomera ndi mutu.

Agnis anapukuta manja ake pa epuloni, pang'onopang'ono, onse awiri. Anapita kwa Sivert, nati, "Mwananga, ndinakulakwira. Lowa m'nyumba udye." Sivert sanasunthe. Ankayang'ana thabwa, ndipo apo ndi pomwe ndinaona manja ake akunjenjemera koyamba.

Ndinagwada pafupi ndi mpando wa Gudfast, sindikudziwa kuti ndimafuna kunena chiyani. Iye anati, "Dzuka, ukunyowetsa mawondo. Dzanjali usadandaule nalo, Hemming. Mtovu unakupusitsa, ndipo pamphanga ndinapita ndi miyendo yanga. Koma masiku khumi awa sunapusitsidwe ndi munthu. Unakhala apa Lachitatu, kundiyatsira fodya." Anandibwezera chipolopolo chija m'manja. "Pita kwanu. Ndikadzafuna kukuona ndidzatuma munthu."

Ndinabwerera ndekha. Mowa unapitirira, ndimamva kuimba ndili pamlatho.

Lamulungu, 19 Malichi

Sindinapite kutchalitchi. Märet ndi Sivert apita. Abwera, adya. Bokosi likadali pakati pa nyumba, lomanga.

Lolemba, 20 Malichi

Wamtengatenga wadutsa cha m'ma 9, belu la kavalo wake likumveka kuchokera kumlatho. Ndinaima pawindo. Sivert anali panja, anamukwezera dzanja, wamtengatenga anadutsa osaima. Kalata sinapite.

Ndinakhala pabenchi. Ndinati Mulungu wandichitira chifundo chosandiyenera.

Kenako ndinamva chileyi chikukokedwera pakhomo. Sivert analowa, nagwira bokosi mbali imodzi, Märet mbali inayo. Ndinati asanyamule zolemera ali choncho, ndinyamule ndine. Anati, "Ndikwanitsa."

Sivert ndiye anafotokoza, ali chiimire, chipewa m'manja. "Bambo, ku Amerika sitipita. Tikukakhala kwa a Gudfast. Munda wawo ukufuna manja awiri, ndipo chipinda cha ana awo chili chopanda munthu. Tinapangana dzulo potuluka m'tchalitchi."

Ndinati nanga kuno.

"Udzu ndidzabwera kudzakuthandizani kumweta, wa kwawo ukatha." Anachotsa mfuti yake pamsomali. Anaima pang'ono, nati, "Zotuwa zija mundiumbireko makumi awiri. Koma ndidzayamba ndayesa."

Ndinati udzayese.

Märet anazungulira nyumba kamodzi, kuona ngati waiwala kanthu. Anandiuza kuti buledi ali m'nkhokwe wokwana milungu itatu, ndi kuti ng'ombe yofiira isamakamidwe ndi manja ozizira, imaponda. Ndinafunsa ngati mu Ogasiti adzanditumire mawu. Anamanga mpango pachibwano, namanganso.

"Mudzamva, ababa. Chigwa chino nkhani sizibisika."

Atsika mtunda dzuwa lili pamutu. Kwa Gudfast ndi patsidya chabe, utsi wa nyumba yawo umaoneka ndili pakhomo panga. Ndaima mpaka chileyi chawoloka mlatho. Sivert anacheuka kamodzi. Märet sanacheuke.

Ng'ombe zikulira, nthawi yokama yakwana. Ndiyambe ndawotha manja.